Ndinakumba Chitsa Chifukwa cha Theka la Buku

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi mabulangete athu atapachikidwa m'mawindo a holo ya sukulu, masana dzuwa likuswa mtengo, kuti m'kati mukhale mdima woonetsera kanema. Unali mwezi wa Okutobala. Panja nyenje zinkalira ngati zalipidwa, m'katimo fungo la thukuta litasakanikirana ndi utsi wa jenereta, ife atsikana a Fomu 2 titapanikizana pamabenchi.

Buku la Chingerezi loti tilembere mayeso linalipo limodzi kalasi yonse. Analilemba mwana wa m'busa wa kumapiri ozizira a ku Mangalande, mtsikana amene anachita kubisala m'dzina lachimuna kuti anthu amuwerenge. Aphunzitsi athu, a Mbewe, analimasula ulusi n'kuligawa, ati aliyense awerenge gawo lake kenako tisinthane. Kusinthanako sikunapite patali. Ena anakulungira mtedza, ena ankadzikupizira mphepo. Ine kunandigwera masamba akumapeto, onunkha nkhungu, ndipo ndinkawawerenga pamzere wa kumjigo, ndiponso posankha nyemba za sukulu zodzaza anankafumbwe, anzanga ali kalikiliki ndi fulaye.

M'kanema wa bukulo mwamuna wa m'nkhaniyo anali wokongola, wa maso achisoni, woyendayenda m'mapiri kulirira wokondedwa wake. Mkaziyo atamwalira, kanema n'kuthera pomwepo. Atsikana analira mpaka mamina. Ine ndinkadikira zotsalazo, pakuti masamba anga ankayambira pamene kanemayo analekezera: mwamuna yemweyo akuzunza ana, kulanda nyumba za eni, kutsekera kamtsikana m'chipinda kuti kakwatiwe mokakamiza. Opanga kanema anadula zonsezo, n'kutipatsa nkhope yokha. Amayi ankati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku limenelo nyererezo ndinazigwira ndi manja.

Pamayeso anatifunsa khalidwe la mwamunayo. Kalasi yonse inalemba kuti anali wachikondi. Ine ndinalemba kuti anali mfiti yopanda nsupa, ndi umboni wake, tsamba ndi tsamba. A Mbewe anandiimika kutsogolo, pepala langa lili m'mwamba, anzanga akuseka chamumtima, ndipo m'mene ankayankhulira ndinazindikira kuti iwonso bukulo sanalimalize. "Ulembenso ngati anzako," anatero, "apo ayi chitsa cha kuseri kwa khitchini chikukudikira."

"Aphunzitsi, ndalemba zimene ndawerenga."

Chitsacho chinali cha bulugamu, mizu yake ngati ntchafu za munthu. Ndinakumba masiku atatu, matuza akuphulika, nyerere zikundiluma, ophika akundinong'oneza kuti mwana iwe kangopepesa, kugonja si kufa. Tsiku lachitatu chinagwa. Ndinasamba m'manja, n'kukasiya masamba anga aja patebulo la a Mbewe. Kaya anawerenga, kaya anayatsira mbaula, sindidziwa. Ziro wanga sanamufufute, inenso sindinafufute liwu ngakhale limodzi.

Lero ndili ku Armadale, kutsidya kwa nyanja, kusunga nyumba mwana wanga akakwera ndege kupita kumgodi masabata awiri. Buku lija alipangiranso kanema wina, ndipo mdzukulu wanga Tamanda, atakamuonera, anatsika sitima akuusa moyo, kundiuza m'Chingerezi chake cha m'mphuno kuti agogo, munthu uja ndi wachikondi. Zaka zonsezi, bodza lomwe lija, angolisinthira malaya! M'mawa mwake ndinakambwerekera bukulo kulaibulale, lathunthu, losamasula ulusi.

Amandinena kuti sindikhulupirira munthu, kutchalitchi amatero, mpongozi wanga amatero. Anene. Ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti holo yonse itha kulirira chilombo, mphunzitsi n'kuchonga. Kuli mnyamata amaperekeza Tamanda kuchokera kusiteshoni, waulemu, amandipatsa moni manja ali kumbuyo. Ndimamuyankha bwinobwino. Koma theka lake lachiwiri sindinaliwerenge, ndiye pageti ndi pamene amalekezera.