Ndinamuuza kuti adutse mumsewu, m'tchire muli minga

Inu owerenga, mkazi wanga anamwalira pa mpikisano wa magalimoto umene ine ndinamukopera kuti tilowe. Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Ndikufuna mudziwe mmene zinachitikira, chifukwa achinyamata ambiri kuno ku migodi ayamba masewera omwewa.

Ndinaphunzira za makina ku koleji ku Gweru, ndipo ndimagwira ntchito yokonza mapampu pa mgodi wina kufupi ndi Kwekwe. Makolo anga anachokera ku Malawi. Makolo a mkazi wanga, Tamanda, nawonso ndi ochokera komweko, ndipo bambo ake anakalambira mumgodi ku Mvuma. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Chisomo.

Ndinagula pikapu yakale, n'kuimanganso ndekha, n'kuika zitsulo zotchinjiriza mkati. Maloto athu anali okathamanga tsiku lina m'chipululu cha ku Botswana. Poyembekeza zimenezo, tinkalowa mipikisano ya kagulu kathu ka othamangitsa magalimoto m'misewu ya mchenga ya ku Gokwe, yothamanga tsiku lonse. Ine ndinkayendetsa. Tamanda ankakhala pambali panga ndi mapu, kundiuza pokhota ndi pamene pali dzenje. Ntchitoyi ankaidziwa ndipo ankaikonda kuposa ine.

Tsikulo kunali kotentha, mvula isanagwe, mphepo kulibe. Magalimoto amanyamuka motsatizana, ndipo kumbuyo kwathu kunali mnzathu Farai. Masana, titangotsika kachitunda, matayala anatitimira mumchenga. Ndinaponda mafuta, ndipo galimoto inangozama, n'kudzutsa fumbi limene linaima pamwamba pathu ngati khoma.

Tamanda anavula chisoti chake choteteza mutu chifukwa cha kutentha, n'kuyang'ana matayala aja.

"Mwatikwirira tili amoyo, bambo a Chisomo," anatero akuseka. "Kumbani msanga. Farai akatipeza pano atiseka mpaka Khirisimasi."

Lamulo la masewerawa ndi loti galimoto ikaima pamsewu, woyendetsa amatsala akukumba, ndipo wowerenga njira amabwerera kumbuyo ndi mbendera yofiira kukachenjeza amene akubwera. Tamanda anatenga mbendera, n'kuyamba kulowa m'tchire kuti ayende m'mbali. Ine ndinaona kuti achedwa. Ndinamuuza kuti adutse mumsewu momwemo, m'tchire muli minga. Anandimvera.

Ndinalowa pansi pa galimoto ndi fosholo. Posakhalitsa ndinamva injini ikubwera, kenako inazima. Sindinamve kuwomba kulikonse. Ndinaganiza kuti Farai waona mbendera ndipo waima, moti ndinapitiriza kukumba mpaka ndinamva akundiitana kuti mukoma, kutanthauza achimwene, ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iye.

Ndinamupeza Tamanda ali chigonere kuseri kwa kachitunda kaja, galimoto ya Farai itamugunda. Magazi sanali ambiri. Tinamunyamulira pansi pa mtengo wa tsanya. Foni inalibe netiweki. Ambulansi imene gulu linabwereka inali kumapeto kwa njira, kutali. Galimoto yathu inali yotitimira, ya Farai itaboola redieta pachitsa pamene ankayesa kumulewa. Galimoto yotsatira itafika, tinaopa kumukweza m'misewu ya mabampu ija, choncho tinaituma kukaitana ambulansi. Mpaka lero sindikudziwa ngati tinachita bwino.

Tinadikira. Ndinali ndi jeke, zingwe, masipanala a mtundu uliwonse, koma panalibe chimene ndikanagwira n'kumuthandiza. Ndinangomutchingira dzuwa ndi malaya anga. Anapempha madzi, ndinamunyowetsa milomo. Anandifunsa ngati galimoto yatuluka, ndipo ndinamuyankha kuti yatsala pang'ono. Kenako anasiya kulankhula. Anatsirizika mu ambulansi tisanafike pa chipatala cha ku Gokwe.

Tinakamuika ku Mvuma. Ndinkayembekeza kuti apongozi anga aamuna andikalipira, ndipo mwina zikanandipeputsa. Iwo anangokhala nane pansi kuseri kwa nyumba, n'kundifunsa funso limodzi.

"Mkamwini, mwana wanga anali yekha?"

Ndinawauza kuti ayi, ndinali naye. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti mumgodi ambiri amapita okha. Za mawu anga aja, oti adutse mumsewu, ndinawauza pambuyo pake.

Farai anabwera kumaliro ndipo anathandiza kukumba manda. Anandiuza kuti atakwera kachitunda analowa m'fumbi lathu, ndipo mbenderayo anaiona itafika kale pagalasi. Sindimuda. Tikakumana m'tauni timapatsana moni, n'kulephera kupitiriza.

Chisomo amakhala kwa agogo ake, ine ndimapitako Loweruka. Akandifunsa za pikapu ija ndimati inawonongeka. Zoona n'zakuti ilibe vuto lililonse. Ili kuseri kwa nyumba, mchenga wa ku Gokwe udakali mkati.

Inu owerenga, sindikuuzani kuti musiye masewerawa, chifukwa simundimvera, monganso ine sindikanamvera. Koma musanyamuke musanadziwe pamene ambulansi ili ndi mmene mungaiitanire kopanda netiweki. Galimoto ikatitimira, woyamba kupulumutsidwa ndi munthu, osati galimoto. Amene akupita ndi mbendera avale chisoti, ndipo ayende kunja kwa msewu, ngakhale achedwe, ngakhale tchire likhale lowirira bwanji.

Tamanda anali atasankha kale njira yoyenera. Minga imeneyo ndikanamuzula ndekha madzulo omwewo, iye akundinyoza kuti sindidziwa kuyendetsa.