Chipaipi cha Pagalimoto Yathu

Galimoto ija amuna anga anaigula kwa mwini esiteti ina ya fodya, itatopa kale ndi misewu ya ku Mkanda. Inali pikiapu ya zitseko zinayi, yosaopa matope. Ntchito yathu inali yogula mtedza m'midzi n'kukagulitsa pa boma, ndiye inatiyenera. Ine ndikanaisiya momwe inalilimo. Koma amuna anga ndi aja oti akagula wailesi amayamba aimasula kaye kuti aone amene akuyankhula m'katimo.

Loweruka lililonse ankaswera kwa owotcherera. Anayamba ndi masipuling'i, kuikweza m'mwamba mpaka ine pokwera ndinkachita kupinda chitenje. Kenaka anaika chitsulo kutsogolo, ati choteteza ku ng'ombe. Padenga anawotchererapo kaliyala, pakaliyalapo nyali zondondozana ndi zigubu ziwiri zofiira za dizilo. Magalasi anawamata pepala lakuda, ati abale asamatione n'kumapempha kukwera ulere. Chomaliza chinali chipaipi chakuda. Anabowola pambali pa boneti, n'kuchikweza m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka kudenga, kukamwa kwake kuli yasa.

"Nanga ichi ndiye cha chiyani, bambo?" ndinawafunsa.

"Mphuno yake imeneyo, mayi. Tikamawoloka madambo dzinja, injini izipumira m'mwamba, isamwe madzi."

"Basi kwatsala n'kuiveka chipewa," ndinatero, iwo n'kuseka chikhakhali.

Munthu amene analumikiza nyali zija anatenga moto pa waya wa magalasi, ndipo chiyambire tsiku limenelo magalasi anasiya kutsika. Ndinkadandaula za kutentha, iwo amvekere tikonza mawa. Mawa la amuna anga ndimalidziwa ine.

Chaka chimenecho kunabuka mphekesera za anamapopa, anthu amene ankati amayenda ndi mapaipi n'kumapopa magazi a anthu m'midzi. Palibe amene anawaonapo ndi maso, koma aliyense anali ndi msuweni wa mnzake amene anadzuka ali lefu, chilonda pakhosi. Tinkamva kuti kwina alendo agendedwa, kwina galimoto yatenthedwa. Ife a pa boma tinkangoziseka.

Ndiye kunabwera uthenga woti mayi anga adwalika kwathu ku Kapondo, tikawatenge apite kuchipatala. Kumudziko anali asanaione galimoto ija chiisinthireni. Tinanyamuka dzuwa likuswa mtengo, osaganizako china chilichonse koma matendawo.

Titatsala pang'ono kulowa m'mudzi, tinapeza chipika chili chopingasa pamsewu. Amuna anga anaima. Wina anaimba wenzulo kutchire, ndipo anthu anayamba kutuluka m'minda ya mtedza, ena ndi makasu, ena ndi zikwanje. Amuna anga anafuna kubwerera m'mbuyo, koma nako anali atagwetserako kale chipika china.

"Ndi omwewo! Onani chipaipicho!" anakuwa bambo wina.

"Zigubu zofiirazo muli magazi!"

"Nanga magalasi akudawo akubisa chiyani? Bweretsani petulo!"

Amuna anga anadina batani la galasi, n'kulidinanso, koma galasi lili nji. Mwala woyamba unagunda padenga, wachiwiri unaswa nyali. Galimoto yonse inayamba kugwedezeka, manja ambirimbiri akuikankha uku ndi uku. Ndinafuna kupemphera koma pemphero limene ndakhala ndikunena chibadwire linandithawa. Chimene chinabwera m'mutu ndi ana athu, kuti m'mawa uja ndinawakalipira chifukwa cha mbale zosatsuka.

Choopsa kwambiri chinali chakuti ife tinkawaona bwinobwino, iwo osationa. Ndinaona mayi amene ndinkaimba nawo kwaya ndili mtsikana, atanyamula mtolo wa udzu wouma. Ndinaona bambo amene tinawagula mtedza chaka chatha, chikwanje chili m'manja. Sanali anthu oipa ayi. Nkhope zawo zinali za mantha ngati yanga.

Kenaka pagalasi langa panafika achimwene anga, obadwa nawo bere limodzi, amene ankandikweza panjinga kupita nane kusukulu. Anali atanyamula chimwala chachikulu ngati dzungu ndi manja awiri. Anayang'ana pamene panali nkhope yanga penipeni, koma ankangodziona okha pagalasi lakudalo. Ndinamenya galasi ndi chikhatho. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, koma phokoso la panja linameza zonse. Iwo atamva kugunda kwanga anabwerera phazi limodzi, n'kukweza mwala uja pamwamba pa mutu wawo.

"Musatsegule, mayi, atipha!" anatero amuna anga, atandigwira mkono.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangoona kuti mwala uja ukubwera basi, kaya nditsegule kaya ndisatsegule. Ndinakankha chitseko, maso nditatsinzina, mutu nditaubisa ndi mkono.

"Achimwene, ndine! Ndine, achimwene!"

Ndinadikira kuti undigwere. Sunagwe. Nditatsegula maso, anali chiimire, manja ali m'mwamba, kukamwa kuli pululu.

"Lekani!" anakuwa ndi mawu oti sindinawamvepo. "Lekani, ndi mlongo wanga uyu! Awo ndi alamu anga!"

Phokoso linatsika, koma silinathe. Bambo wina kumbuyo anati anamapopa amalemba ntchito ngakhale ana a m'mudzi momwemo, ndipo ena anavomereza. Anati chipaipicho chichoke, achione m'kati. Amuna anga anatsika ndi sipanala. Chinthu chimene anachisirira kwa miyezi anachimasula okha, sipanala ikuwagwa m'manja, anthu atawazungulira duu. Atachichotsa, chinayenda m'manja mwa anthu, uyu kusuzumira, uyu kununkhiza. Wina anachigogoda pansi, n'kutuluka fumbi lokhalokha. Anatsitsanso chigubu chimodzi n'kuthira pang'ono pansi.

"Dizilo uyu," anatero mayi wa kwaya uja. Udzu wake anali atautaya kale kumbuyo kwake, ndipo sanandiyang'ane m'maso.

Anthu aja anachotsa chipika. Achimwene anakwera kumpando wakumbuyo kuti aliyense aziona kuti tili ndi munthu wa m'mudzi momwemo, ndipo ine chitseko changa ndinachigwira chotsegula njira yonse.

Tinapeza mayi atagona pamphasa pakhonde. Anadzutsa mutu, natilonjera ndi mawu ofooka, kenaka anayang'ana mwana wawo wamwamuna.

"Nanga iwe, chimwalacho n'cha chiyani?"

Apo m'pamene tonse tinaona. Achimwene anali atakwera nawo mwala uja, kuufukata pamiyendo njira yonse, n'kutsika nawo, osadziwa. Anauyang'ana, kenaka anandiyang'ana ine. Mayi anali kudikira yankho.

Amuna anga anayandikira n'kuulandira ndi manja awiri.

"N'chotsekera tayala, amayi. Pano m'potsetsereka."

Pabwalo la kwathu ndi pathyathyathya ngati patebulo, koma anauikadi kuseri kwa tayala.

Mayi anachira, ndipo mpaka lero sadziwa. Pepala lakuda lija tinalipala ndi lezala, magalasi anakonzedwa sabata yomweyo, ndipo pamene panali chipaipi panatsala chibowo chomata ndi lata. Achimwene timachezerana, timaseka, koma nkhaniyi sitinaikambepo, ndipo galimoto yathu sanaikwerenso. Mwala uja ukadali kumbuyo kwa pikiapu, timatsekeradi tayala. Nthawi zina ndikautola ndimaiwala kuuika pansi msanga. Ndimaima nawo, kumva kulemera kwake m'manja, kenaka ndimagwira mutu wanga.