Amayi Everlyn Daka ndi Chiwerengero cha a Dokotala

Mwezi uno tsamba la chikumbutso m'kalata ya mpingo wathu wa ku Makandanyama lapatsidwa kwa amayi Everlyn Daka, amene tinawaperekeza kumanda Loweruka lachiwiri la Okutobala chaka chatha. Akanakhala moyo akanafunsa ngati pepalali lasowa zolembapo. Popeza sangatiletsenso, tilemba.

Amayi Daka anabadwira ku Katete mu 1949, ndipo anafika ku Kabwe ali kumsana, bambo awo atapeza ntchito ku mgodi. Sukulu analekezera panjira chifukwa kunyumba kunali ana ang'onoang'ono ambiri ndipo wina anayenera kuwalera. Ankawerenga Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Chizungu ankati ndi cha anthu ofulumira. Anakwatiwa ndi a Sailas Daka, okonza njanji, munthu wa mawu ochepa amene anatisiya mu 1997. Mulungu sanawapatse mwana wobereka okha, koma mu 1983 mkulu wawo anamwalira nasiya Darius Miti wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anamutenga osadikira msonkhano wa banja, pakuti mwana wa mkulu wako ndi wako. Anamuphunzitsa ndi vitumbuwa, akudzuka kukakazinga tambala asanaganize zolira.

Mu Chigwirizano cha amayi anagwira ntchito imodzi yomwe sinachitidwepo chisankho, chifukwa panalibe wopikisana nawo: kusambitsa mitembo ya amayi. Anaigwira zaka makumi anayi. Akatolika ankawaitana, a Chibemba ankawaitana, ngakhale amene ankadutsa pa tchalitchi atatembenuzira nkhope kumbali. Wina akadandaula kuti akutumikira anthu akunja, iwo ankayankha kuti, "Madzi ofunda sadziwa mpingo."

Darius anakula, naphunzira mpaka ku South Africa, nabwerako ali dokotala wowotcha khansa ndi cheza cha makina. Ankagwira ntchito ku Lusaka, koma anamanga ku Highridge, dera la olemera kuno ku Kabwe, ndipo Lamlungu lililonse ankapemphera nafe, galimoto ataiimika pamalo poti aliyense wolowa aizungulire. Amayi a kwathu kuno akapezeka ndi khansa, amayi Daka ndiwo ankawakweza basi kuwaperekeza kwa mwana wawoyo, ndipo iye ankawalandira bwino. Zimenezi tizinene, chifukwa ndi zoona.

Tsono kwa anthu ophunzira kwambiri ulemu suyezedwa ndi ng'ombe kapena ana. Munthu amalemba pepala la kafukufuku, ndipo anzake a m'maiko ena akalitchula m'mapepala awo, kompyuta imawerenga kuti watchulidwa kangati. A dokotala anali ndi mapepala 41, koma limodzi ndilo linali mwana wokondedwa. Linkanena za njira yawo yofupikitsa masiku owotcha khansa ya khomo la chiberekero, ndipo linkati mwa amayi 60 amene anathandizidwa chomwecho, 48 anali moyo patatha zaka zitatu. Pepalali litatchulidwa ka 312, iwo anaimirira m'tchalitchi kuyamika Mulungu. Anayamika mphindi makumi awiri, ndipo Mulungu anatchulidwamo kawiri.

Masana a tsikulo amayi Daka anakadya ku Highridge. Atasamba m'manja anafunsa modekha.

"Darius, anthu mazana atatuwo akutchula iwe. Nanga odwalawo akuwatchula ndani?"

"Amama, maina sitilemba, ni lamulo. Tilemba chabe manambala."

"Chabwino. Aja ndinkabwera nawo ine, a ku Makandanyama ndi Kamushanga, analimo angati?"

"Ileveni. Ndipo anamwalira bawiri chabe."

"Asanu," anatero amayi Daka, akuchotsa munga wa nsomba.

"Amama, ninatuma foni neka ku banja iliyonse."

"Ine ndinawasambitsa ndi manja awa."

Anawatchula asanuwo mmodzimmodzi, ndi tsiku la maliro, ndi nsalu imene aliyense anapita nayo. A dokotala anaseka pang'ono, nanena kuti ukalamba umasakaniza nkhope. Amayi Daka sanatsutse. Anangopempha kuti Loweruka lotsatira awaperekeze kukaona munthu, ndipo galimoto aisiye kumsewu waukulu.

Munthuyo anali a Thomas a ku Kamushanga, mwamuna wa malemu Felistas, mmodzi wa asanu aja. M'mabuku a dokotala, Felistas anali wamoyo ndi wamphamvu. A Thomas anatulutsa mpando wabwino, iwo nakhala pa chidebe.

"Ba Thomas, sininakutumireni foni ine? Munakamba kuti ba mayi bali bwino."

"Ninakamba, ba dokota."

"Kansi banali batamwalira?"

"Miyezi inayi kumbuyo." A Thomas anayang'ana zala za kumapazi. "Manje imwe munavutika nabo maningi. Munthu mukulu ngati imwe, mwana wa ba mayi aba, mwanikumbukira, mwatuma foni na ndalama zanu, mwafunsa mwaulemu. Nikanakuuzani bwanji kuti nchito yanu ili kumanda? Kwathu maliro sitiuza munthu pa foni monga mutengo wa tomato."

Anabwerera wapansi mpaka kumsewu. Amayi Daka ankadziwa kuti mwana wawo sanabe kanthu ndipo sananame. Anangoiwala kuti anthu a kwathu sachititsa manyazi munthu amene anawathandiza, ndi kuti wodwala akafooka amatengedwa kumudzi, kumene foni ya ku Lusaka imayankhidwa ndi mlamu wofuna kukondweretsa. Amayi Daka anangomuuza kuti, "Munthu amene tinamuika, ukamuwerenga pa amoyo, maliro ake sanathe."

Kuwerenganso kunatenga miyezi isanu ndi itatu, ndipo kunachitika ndi miyendo ya Chigwirizano. Amayi Daka anatumiza mawu kwa anzawo a ku Katete, Petauke ndi Nyimba kuti apite okha pakhomo pa wodwala aliyense, akhale pansi, alonjere, kenaka afunse. Kwina anapita eni ake, ali ndi zaka 73 ndi miyendo yotupa. Mayankho onse atabwera, amoyo sanali 48. Anali 37. Ndi nambala imeneyi njira ya a dokotala sinkaposa yakale, ndipo panali chifukwa chokayikira ngati inkafikapo n'komwe. Pamenepo n'kuti madokotala ena kunja ataliwerenga pepala lija nayamba kufupikitsira masiku odwala awo.

A dokotala analemba kalata yokonza cholakwacho, yopita kwa amene anasindikiza pepalalo. Anailemba bwino, naisunga bwino. Komiti yowakweza kukhala pulofesa inali pafupi kukumana, ndipo makomiti otere amakonda manambala aakulu. Mwezi unatha, wina unatha. Amayi Daka sanawakumbutse. Lachinayi lililonse pa Chigwirizano ankangopempherera "mwana wanga Darius, amene akudwala," osatchula matenda. Amayi ena ankakumana ndi a dokotala m'tauni n'kuwafunsa kuti akupezako bwanji.

Mu Seputembala mtima wa amayi Daka unayamba kutopa. Anakana kusamukira ku Highridge, nati kumeneko munthu akhoza kufa anansi n'kumva pa wailesi. A dokotala ankabwera kudzakhala pambali pa bedi lawo. Tsiku lina anaganiza zowasangalatsa.

"Amama, kalata ija nizaika na dzina yanu. Muzakhala mulembi naimwe."

"Ndi ya Chizungu?"

"Ee."

"Ndiye undisainitse chinthu chimene sindinawerenge? Matenda ake ndi omwewo, ovomereza chimene sunachione. Yapita?"

"Komiti ikumana next month. Ikangopita komiti, nizatuma."

Amayi Daka anatseka maso kwa kanthawi, mwina kupemphera, mwina kupuma.

"Sindikukakamiza, mwanawe, ndiwe wamkulu. Koma abusa ndawauza kale. Kalata ikakhala isanapite, pa maliro anga udzanyamule bokosi, udzadyetse anthu, koma usadzayankhule. Amene sanatsirize maliro a anzanga asayambe anga."

Amene akuwadziwa a dokotala amvetsa kukula kwa chilangochi. Kalatayo inapita Lolemba m'mawa, ndipo masana ake a dokotala anabwera kudzaiwerenga, akumasulira chiganizo chilichonse m'Chinyanja. Kunali koyamba kuti amayi Daka amve zimene mwana wawo amalemba. Anamvetsera mpaka pamapeto.

"Onse omwalira alimo?"

"Bonse, amama. Twente-fili."

"Felistas?"

"Alimo."

"Wagwira ntchito," anatero. A dokotala akuti mawu amenewa anali asanawamvepo kwa iwo, ngakhale tsiku lolandira madigiri.

Anamwalira Lachinayi dzuwa likupendeka, amayi a Chigwirizano atabwera kudzachitira msonkhano wawo m'chipinda chawocho. Nyimbo yachiwiri ili pakati anapuma komaliza, ndipo amayiwo anaimaliza asanayambe kulira, chifukwa malemuwo sankakonda nyimbo yosiyira panjira. Owasambitsa anali asanu ndi mmodzi, onse ophunzitsidwa ndi iwo.

Komiti ija inakumana, ndipo a dokotala akadali a dokotala. Akuti kalata yokonzayo mpaka lero yatchulidwa kasanu ndi kanayi, ndipo zipatala ziwiri zalemba kuti zabwerera ku masiku akale owotchera mpaka zinthu zitafufuzidwanso. Amayi amene apindule nazo sitidzawadziwa maina, ndipo nawonso sadzamva za Makandanyama.

Pamaliro a dokotala anapatsidwa mpata woyankhula, popeza anali ataugula. Anthu anakhazikika bwino pamipando kukonzekera ulendo wautali. Iwo anaimirira opanda pepala, nayang'ana bokosi, nati: "Aba ni amama banga. Ine ninabawerenga banthu, beve banabadziwa." Anakhala pansi.

Abale ndi alongo, chitsanzo chimene atisiyira si chovuta kuchimvetsa, ndi chovuta miyendo chabe. Ukafuna kudziwa za mnzako, pita pakhomo pake, ukhale pansi. Mzimu wa amayi Everlyn Daka uuse mumtendere wa Ambuye amene anamutumikira ndi beseni ndi thaulo.