Chipewa cha a Layisoni ndi Bokosi la Nabanda

Tidanyamuka pa Chalimbana Lachinayi m'mawa, mwezi wa Julaye, zaka zija za Chitaganya. Ndinene bwino: m'mawamo tidayamba kukankha. Kunyamuka kwenikweni kudachitika dzuwa litakwera, titasonkha makala pansi pa injini kuti imve kutentha ngati nkhalamba yodwala nyamakazi.

Tinali awiri, ine ndi alamu anga a Layisoni Banda, alongo ake a malemu mkazi wanga Nabanda. Tonse kwathu ndi ku Katete. Ine ndinkalima ndiwo zamasamba kufupi ndi sukulu ya aphunzitsi, iwo anali ndi sitolo pa Chongwe. Nabanda anali atatha chaka m'manda, ndipo kumudzi adatumiza mawu kuti Loweruka kudzakhala mapemphero ndi thobwa, adzagawa zovala za malemu, kenaka adzandisudzula. Zovalazo zinali m'bokosi lachitsulo lomwe amayi a mpingo adatseka titangochoka kumanda. Kiyi ndinkayenda nayo m'khosi. Bokosi lotere silitsekulidwa panjira. Limatsekulidwa pamaso pa mayi wobala, apo ayi anthu amati wamasiye adayamba wasankhamo zabwino.

Ndalama ya basi ndinali nditasunga kale. Koma alamu adakana.

"Basi? Katundu wa mlongo wanga akwere pamwamba pa basi pamodzi na nkhuku? Iyai, alamu. Nagula motoka."

Adaigula kwa mzungu wina wa pafamu cha ku Palabana amene ankagulitsa zonse kuti abwerere kwawo. Inali yakuda, yamsana wozungulira ngati kamba, yochokera ku Jeremani, ndipo inkamwa dizilo ngati thalakitala. Galimoto zazing'ono zotere zinali zosowa, mwina ndi chifukwa chake panalibe wina woifuna. Mzunguyo, kunena zoona, sadawanamize. Ndinalipo ndipo ndidamva ndekha. Adati pamsewu wa kum'mawa dizilo sapezeka, anyamule wawo m'zitini. Adati wa mumgolo wa pafamupo, amene adawapatsa ulere, ali ndi dzimbiri ndi madzi, choncho agule chipewa chaubweya, chija cholimba, azisefera dontho lililonse lisanalowe m'thanki. Adatinso tayala lakumbuyo latha.

Alamu adapitadi ku Lusaka kukagula chipewa ndi tayala. Adabwerako chipewa chili kumutu. Chinali chotuwira, cha lamba wakuda ndi kanthenga pambali, ndipo chidaphimba bwino dazi lawo lomwe anthu a kumudzi anali asanalione. Tayala sadagule. Ndalama yake idagula hutala yolira ngati ng'ombe yaikazi, nsalu ya makatani, ndi polishi.

Sabata yonse adaikonzekeretsa galimotoyo ulendo. Telala adasoka makatani. Munthu wa penti adalemba pachitseko dzina lawo ndi mawu a Chingerezi oti "ndi ana ake aamuna", chonsecho Mulungu adawapatsa atsikana okhaokha. Adaitana mlaliki wathu kuti aipempherere, ndipo tsiku lomwelo ndidaona kachithumwa katamangidwa kunsi kwa chiwongolero. Sindidafunse. Boneti idapukutidwa mpaka nkhuku zinkajompha nkhope zawo pamenepo, koma kunsi kwa bonetiyo sindikumbukira kuti adasuzumirako.

Ine ndimachedwa kuweruza munthu. Ndidangofunsa kamodzi, Lachitatu madzulo, ndikuwaona akukhuthulira dizilo m'thanki ndi fanulo yopanda kanthu.

"Alamu, nanga kusefa kuja?"

"Imwe mudziwa kabichi," adatero. "Ine nakwera malole zaka zambiri nisanatsegule sitolo. Injini ya Mjeremani imagaya na miyala yomwe."

Za malolezo zinali zoona, ndipo ndi chimene chimandiwawa mpaka lero. Sikuti sankadziwa.

Pa Chongwe tidaima, osati chifukwa cha kanthu, koma kuti tidutse kawiri pakhomo pa sitolo ya mnzawo wopikisana naye, hutala ikulira. Injini sitidazimitse poopa kukankhanso. Ndidagula zitumbuwa za tiki ndi tiyi wa m'botolo. Alamu adatsika, adayenda mozungulira galimoto akukhudza mlomo wa chipewa kwa aliyense, ngakhale kwa ana. Tidawoloka mlatho wa Chongwe ngati a Bwanamkubwa, fumbi lofiira likutitsata.

Ulemererowo sudafike pa Chinyunyu. Pachitunda china galimoto idatsokomola, idanjenjemera, idayenda pang'ono ngati yaganiza bwino, kenaka idangoti zii. Tidaikankhira pansi pa mtengo wa msuku pomwe mayi wina wa Chisoli ankawotcha mbatata zogulitsa kwa a malole. Adatiyang'ana, adayang'ana makatani.

"Ba bwana, muyenda kuti na iyi?"

"Ku Katete," adayankha alamu, osamuyang'ana.

"Oo. Ine nenze nayesa mwafika. Imaoneka monga nyumba."

Alamu adavula jekete, chipewa ayi. Ntchito ankaidziwadi. Adamasula kasefa ka painjini nkukapeza katadzaza matope ofiira. Adabwereka beseni la mayi uja, iye nkulipiritsa tiki, ndipo adakhuthuliramo dizilo wa m'thanki. Pansi pa beseni padakhala madzi ndi dzimbiri zooneka ngati msuzi wa nyemba.

"Afunika kusefa," adatero, ngati ndi nzeru imene yangowafikira. "Wonse, na wa m'zitini."

Ndidayang'ana kumutu kwawo. Iwo adayang'ana malaya anga.

Ndidavula. Anali malaya a kaki omwe Nabanda adachapa kwa zaka, ndipo nsalu yake inali itapyapyala moti ukanawerengera Baibulo kuseri kwake. Dzimbiri lalikulu lidatsala, koma laling'ono ndi madzi zidadutsa ngati pakhomo pawo. Malaya adatha ntchito pomwepo. Ndidavala jekete pathupi.

"Nsalu yolimba ifunika," adatero alamu. Adaloza kumpando wakumbuyo. "Muja muli duku yoyera ya mpingo, na bulauzi yake. Nsalu ija ni yothina. Tikaipinda kanayi, yagwira. Nipaseni kiyi."

Duku imeneyo ndimaidziwa. Nabanda ankaivala tsiku la amayi ndi pa Mgonero basi. Ankaisita ndi simbi yamakala atayala kansalu kena pamwamba kuti mwaye usaikhudze.

"Alamu, bokosi silitsekulidwa panjira."

"Lamulo la ndani? Mwini mbumba ndine. Katundu uja ni wathu, si wanu. Ndipo musaiwale, wokusudzulani pa Ciwelu, tsiku la mapemphero, ni ine wamene."

Apa sadaname. Bokosi linali la kwawo, ndipo mawu ondimasula anali m'kamwa mwawo. Akadafuna akadandisunga womangika chaka china, akadafuna akadatchula mlandu uliwonse pabwalo. Mayi wa mbatata adasiya kutembenuza mbatata zake.

"Chipewa chija mudagulira chiyani?" ndidafunsa.

"Mudziwa mtengo wake imwe? Mapaundi awiri! Nikafike kwathu na mutu monga dzungu chifukwa cha kansalu ka sheleni?"

Ndili ndi chizolowezi chowerenga Pemphero la Ambuye mumtima ndisanalankhule ndili wokwiya, ndipo tsiku limenelo ndidafika pa Ameni mkwiyo udakalipo. Ndiye sindidalankhule konse. Ndidatsekula chitseko cholembedwa ana aamuna chija, ndidatulutsa bokosi, ndidapinda malaya onunkha aja kukhala nkhata, ndidasenza.

"Mupita kuti?"

"Kwa amayi anu."

"Basi yapita kale! Ina ni Mande!"

"Ndamva. Mwina lole indipeza. Ikapanda kundipeza ndifika mochedwa, ndipo akandifunsa ndidzanena chimene chidandichedwetsa."

Ndidauyamba msewu. Ndinali ndi zaka zopitirira makumi asanu, chifuwa chili pamtunda mkati mwa jekete, bokosi likundikanikiza khosi, ndipo Katete anali kuseri kwa mapiri onse a Luangwa. Ndinkadziwa kuti ndi miyendo sindingafike Loweruka. Ndinkadziwanso kuti apongozi anga ndi okalamba, thobwa silidikira, ndipo abale ochokera kutali sangasonkhanenso msanga. Kumbuyo ndidamva mayi uja akuseka, kuseka kwa munthu amene wapeza nkhani yokauza mudzi wonse.

"Ba bwana, balamu banu bazafika patsogolo. Imwe nkhalani, nizakupikilani mbatata mawa."

Ndidakwera chitunda chonse osacheuka. Nditayamba kutsetsereka ndidamva mawu.

"Alamu! Imwe alamu!"

Ndidatembenuka pang'onopang'ono chifukwa cha katundu. Pansi pa msuku paja china chake chinkanyezimira padzuwa kuposa boneti. Linali dazi la a Layisoni.

Chipewa chimasefa bwino kwambiri, koma mosafulumira. Ine ndidagwira m'mphepete mwake pamwamba pa fanulo, iwo nkumathira pang'onopang'ono ndi chikho. Dizilo ankatuluka kunsi woyera ngati mafuta ophikira, zonyansa zonse nkutsala m'kati momwe munkakhala mutu. Kanthenga kaja adakachotsa nkukaika m'thumba. Tidasefa choncho mpaka zitini zonse zidatha. Adatsuka kasefa, adapopa mpweya m'mapaipi, amuna awiri odutsa ndi njinga adatithandiza kukankha, ndipo galimoto idalira bwino kuposa m'mawa. Mayi uja adakana kulandira beseni lake mpaka adamuwonjezera ya sopo.

Tidagona pa Rufunsa, pakhonde la sitolo ya munthu wakwathu, galimoto titaisiya pamtsetse italoza kumunsi. Lachisanu lonse lidathera m'mapiri. Msewu wake ndi wokhotakhota, mbali imodzi phiri, mbali ina phompho, ndipo hutala ija pamapeto pake idapeza ntchito yoona. Pa mlatho wa Luangwa kunkatentha ngati si Julaye. Tidagula nsomba zouma za sheleni kuti tisafike kumudzi chimanjamanja.

Pa geti ya akashembe munthu wa boma adabwera ndi kaukonde kake kudzafufuza ntchentchezo m'galimoto. Adalowetsa mutu pawindo, adautulutsa msanga. Chipewa chinali pampando chikuuma.

"Pitani," adatero. "Muno kashembe sangakhalemo. Na ine wamene siningakhalemo."

Tayala lakumbuyo lija lidaphulika titangopitirira Kacholola, monga adanenera mzungu uja. Lapadera linali lakutha kuposa lophulikalo, choncho kuchokera apo tidayenda ngati tikuperekeza mkwatibwi. Tidagona pa Nyimba. Alamu adadya nsomba osakweza maso, ndipo asanagone adati, "Za paja pa msuku, sizofunika kukamba kumudzi."

"Akapanda kundifunsa," ndidatero.

Tidafika Loweruka dzuwa litapendeka pang'ono, nyimbo yoyamba itayamba kale. Patatsala pang'ono kulowa m'mudzi alamu adaimitsa galimoto. Adatenga chipewa, adachiwongola ndi chibakera, adabwezerapo kanthenga, adadziyang'ana pagalasi. Chinali chitada, mlomo wake utagwa mbali imodzi. Adayerekeza dazi ndi chipewacho, ndipo chipewa chidapambana. Tidalowa hutala ikulira pakati pa nyimbo ya maliro. Ana adathamangira galimoto, adafika pafupi ndi mwini wake, adabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Thukuta la alamu lidatsitsa mzere wakuda kuchokera pachipumi mpaka kukhutu.

Apongozi anga anali atakhala pamphasa pakhonde, maso atachita khungu ndi ukalamba. Alamu adagwada kuwapatsa moni.

"Ndani wabwera ndi nyali masana ano?" adafunsa.

"Ndine Layisoni, amayi. Nabwera na motoka."

"Khala uko, mwanawe, ungandiyatse."

Mapemphero atatha ndidabweretsa bokosi. Ndidakhala patali monga ayenera mkamwini, ndidavula kiyi m'khosi nkupatsira mlamu wanga wamkazi, m'bale wake wa Nabanda. Loko inali italimba ndi dzimbiri la chaka chathunthu, ndipo onse adaona kuti idavuta kutseguka. Pamwamba penipeni panali duku ija, yopindidwa monga adaisiyira amayi a mpingo. Adaiika m'manja mwa apongozi. Iwo adaipapasa m'mphepete, adaifikitsa kumaso, adakhala choncho nthawi yaitali.

"Ikali kununkhira mwana wanga," adatero.

Mawu ondisudzula adalankhuladi a Layisoni, chipewa chili m'manja chifukwa akulu a mpingo adawauza kuti avule. Adati ndidasunga mlongo wawo bwino ali moyo, ndipo katundu wake ndamufikitsa wosakhudzidwa. Pa mawu otsirizawo adandiyang'ana, ine ndidayang'ana pansi. Palibe adandifunsa za panjira, ndipo sindidanene.

Amene mukufuna kuyenda msewu wa kum'mawa ndi galimoto yakale ya dizilo, sefani mafuta musananyamuke, gulani tayala, makatani adzabwera pambuyo. Onaninso kuti chosefera chanu ndi chinthu chimene simungachikonde mukadziyang'ana pagalasi. Alamu adandipempha kuti tibwerere limodzi Lachitatu. Ndidawathokoza kwambiri, ndipo Lolemba ndidakwera basi, pamodzi ndi nkhuku.