Moni wa pa wayilesi, Thuchila atadzaza

Anthu ankatitchula asilikali a aphunzitsi, ngakhale mfuti zathu zinali nsungwi. Aphunzitsi a pasukulu ya mishoni anasonkhanitsa ife anyamata a m'malaini, ana a anthu othyola tiyi, nkutiphunzitsa kuguba ndi kutumizirana mawu ndi mbendera. Kabudula wa khaki tinali naye, nsapato ayi. Koma matama ake, mukanationa!

Chimene chinatizunguza mitu chinali wayilesi. Mzungu woyang'anira makina ku fakitale anali ndi yake, yolumikiza yekha, m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba yake. Sinkaimba nyimbo. Inkangolira ti-ti-taa m'makutu, iwe nkumayankha pogogoda kachitsulo ndi chala, chilembo chilichonse ndi kagogodedwe kake. Mnzake wa masewera omwewa anali pa esiteti ina ku Mulanje, nayenso ndi anyamata ake ophunzira, ndipo Loweruka masana tinkaloledwa kucheza nawo. Nkhope sitinkadziwana, tinkangodziwana dzanja. Kumeneko kunali mnyamata wina wogogoda modekha ngati mkulu wa mpingo, ndipo ine ndi iye tinagwirizana kwambiri.

Lamulo la mzungu linali limodzi: "Mawu pang'ono! Batire itha!" Koma ife tinali ana oleredwa. Uthenga suponyedwa ngati mwala. Umayamba wapereka moni, wafunsa za kunyumba, mnzako naye wakufunsa, kenako ndiye umasula chimene wabwerera. Mzungu ankafiira mpaka m'khosi, ife osasintha.

Chaka china mvula inagwa yosaona mbali. Achemwali anga anali atakwatiwa pa esiteti ya ku Mulanje yomweyo, ndipo alamu ankalima maluwa kwa mzungu wa wayilesi wa kumeneko. Achemwaliwo anali ndi pakati poyamba, masiku atakwana. Ife ana sitinkauzidwa zotere, tinkangodziwa nkumanamizira kusadziwa. Amayi anamanga kamtolo kuti akawadikirire, koma atapitirira Luchenza anapeza mtsinje wa Thuchila wadzaza, mitengo ikuyenda ndi mizu yomwe. Anabwerera. Mwana wamkazi woyamba wa amayi anamwalira pa uchembere ngati womwewu, choncho mantha awo sanali achabe. Anasiya kudya, ndipo kumunda dengu lawo la tiyi silinkadzaza, akapitawo nkumawakalipira.

Amayi wayilesi ankadana nayo, amati munthu wabwino salankhula ndi anthu osaoneka. Koma Loweruka lotsatira, ndikuvala khaki wanga, anandiima pakhomo.

"Iwe, bokosi lako lija limafika kwa alamu ako?"

"Limafika, amayi."

"Tiye."

Ananditsatira m'mizere ya tiyi, nsalu yonyowa mpaka m'mawondo, nkukakhala pansi panja pa kanyumba kaja. Kulowa anakana. Ndinamufotokozera mzungu, iye nkukanda mutu. Anati madzi anagumula ngalande yoyendetsa makina a magetsi, batire sinadzazidwe, mphamvu yatsala yochepa zedi. Anandiveka zomvera m'makutu yekha. "Lero mawu pang'ono, wamva?"

Ndinaitana. Mwamwayi anayankha mnzanga wogogoda ngati mkulu wa mpingo uja. Anzanga anaunjikana pakhomo, ine nkumatchula mokweza chilichonse chimene ndikumva kuti amayi amve.

"Akuti, muli bwanji kumeneko?"

"Uwauze tili bwino, kaya iwo," anatero amayi ali panja.

Ndinagogoda. Yankho linabwera pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, ngati munthu wosankha nyemba.

"Akuti ali bwino. Akufunsa, kunyumba mwasiyako bwanji?"

Mzungu analoza kasingano ka pabokosi kosonyeza mphamvu ya batire, kamene kanali kugwa. Mawu m'makutu mwanga anayamba kuchepa. Mtima unkandiuza kuti dumpha zonsezi, koma chala chinakana. Munthu wakufunsa za kwanu, umudule pakamwa? Amayi ako ali pomwepo akumva? Ndinayankha kuti kunyumba kuli bwino, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinawonjezera kuti kaya kwanuko.

"Akuti kwawonso kuli bwino, koma mvula. Akufunsa ngati aphunzitsi athu adzuka bwino."

Anzanga anaphulika kuseka. Mzungu anagwira mutu ndi manja onse awiri. Apo ndi pamene amayi anadzuka. Mayi amene anandikwapulapo chifukwa chodutsa mlendo osagwada, analowa m'kanyumba ka mzungu ndi matope awo, osaodira, nkundigwira phewa.

"Aphunzitsi a chiyani! Zisiye za monizo! Funsa za mwana wanga!"

Zina anamalizira m'Chilomwe, ndipo sindingazilembe pano.

Ndinagogoda mothamanga kuposa tsiku lina lililonse: mkazi wa wolima maluwa ali bwanji? Kenako zii. Ndinakanikiza zomvera zija m'makutu mpaka kuwawa. Malata ankadontha, zala za amayi zikundiboola phewa, ndipo ndinachita mantha kwambiri kuti batire yatha, kapena kuti mnzangayo akusowa poyambira. Kenako kunamveka kulira kochepetsetsa, ngati udzudzu uli kuseri kwa chitseko. Ndinagwira chilembo chimodzichimodzi osapuma. Mnzangayo anayambanso mawu ena, mwina otsanzika, koma bokosi linazima.

Ndinavula zomvera. "Achira dzana, amayi. Mwana wamkazi. Onse awiri ali bwino."

Ndinkayembekeza nthungululu. Amayi sanaimbe. Anangokhala pansi pakati pa mawaya a mzungu, nkuyang'ana pakamwa panga.

"Wati onse awiri?"

"Onse awiri, amayi."

"Ndi mwana wangayo?"

"Ndi achemwali omwe."

Anaphimba nkhope ndi nsalu yonyowa ija, mapewa akugwedezeka.

"Nenanso," anatero.