Benchi ya Oyambitsa

Mbiri ya timu ya basiketibolo ya mumzinda wina wa ku Holande ndimaidziwa bwino kuposa mbiri ya agogo anga a ku Wenya. Ku Holandeko sindinapondeko, ngakhale ku Lilongwe komwe ndinangofikako kamodzi, kumaliro. Koma ngakhale mutandidzutsa kutulo nditha kukuuzani kuti timuyo inayambira m'nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi doko, nkhondo yaikulu itangotha, ndipo anaiyambitsa anali anyamata onyamula matumba amene sankaloledwa kulowa m'holo yamasewera ya mumzindawo.

Anandiuza zimenezi ndi mzungu wina wamtali ngati mlongoti, amene ankagwira ntchito ndi alimi a khofi ku Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Loweruka ankatsikira paboma kudzagula zinthu. Nthawi imeneyo n'kuti nditasiya sukulu ndili Fomu 2. Mwana wa mkulu wina wa muofesi ankakonda kuyeserera kayankhulidwe kanga ka Chichewa pamaso pa atsikana, ndiye tsiku lina ndinamugulula dzino. Aphunzitsi aakulu anati ndikaitane kholo, ine sindinabwererenso. Ndinkakhala kwa asibweni, mlongo wawo wa amayi, amene ali ndi shedi yowotcherera zitsulo kuseri kwa msika.

Mzunguyo anafika kushediko chitsulo cha kunsi kwa galimoto yake chitathyokera m'zitunda. Podikira kuti asibweni amalize, anatulutsa mpira wofiirira n'kuyamba kuunjanjitsa pansi. Ataona kuti maso anga ali pomwepo, anandiponyera mosandichenjeza, ine n'kuuwakha ndi dzanja limodzi. Anaseka, n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti ali nayo iwiri, nditenge umenewo. Ndinaufuna kwambiri, koma asibweni anali pomwepo, ndipo ndinafunanso kuonetsa kuti ndinaleredwa.

"Abwana, kwathu kuno mphatso sapatsira mwana m'manja," ndinatero. "Imadzera kwa mwini khomo."

Anautenga, n'kukaupereka kwa asibweni ndi manja awiri atawerama ngati mkamwini. Asibweni anati yewo chomene, n'kundipatsira. Mzunguyo ananena kuti waphunzira chinthu chachikulu ndipo sadzaiwala. Sanaiwaledi.

Mkombero woponyeramo mpira ndinaupinda ndekha kuchokera ku chitsulo chotsala cha mawindo. Thabwa lake linali chitseko chakale, mzati wake bulugamu. Vuto linali malo, poti mpira umenewu sufuna mabampu. Malo osalala amene tinapeza anali kumalire kwa sukulu yomwe ija ndinaisiya, kuseri kwa zimbudzi. Asibweni anapita kukapempha kwa aphunzitsi aakulu, mdala wa ku Nthalire amene mlandu wa dzino uja anali ataiwala kale, ndipo mdalayo anangoti tisewere bola tisadule mitengo. Panalibe cholemberana. Munthu wamkulu akayankhula sumufunsa kawiri.

Tinalambula ife: anyamata a kabaza, kondakitala wina, ogulitsa mafuta a m'zigubu, ndi mnzanga wapamtima amene amameta tsitsi pamsika. Palibe ngakhale mmodzi mwa ife amene anali pasukulu. Tinagumula chulu, kututa dothi lake pa wilibala, kuthira madzi n'kumatsendera ndi chipika mpaka pansi panauma gwa. Anthu odutsa ankatiseka kuti amuna athunthu tayamba ntchemberembaye. Ana asukulu enieniwo ankaima chapatali ndi makope awo n'kumatiloza.

Mzungu uja ankabwera kudzatiphunzitsa, ndipo tikatopa ankakhala pansi n'kumatisimbira za timu ya kwawo, imene iye anasewerako ali mnyamata. Ankati dzina la timuyo lasintha kangapo. Ikathandizidwa ndi fakitale ya maswiti inkatchedwa dzina la maswiti, ikabwera kampani ya penti dzina n'kusinthanso, koma anthu a mumzindawo ankangoitchulabe dzina lakale la kudoko. Inatengapo chikho cha dziko lonse, kenako inagwa mpaka holo yawo inagulitsidwa, osewera abwino n'kuthawa, majezi n'kumachapidwa ndi amayi a osewera. Inadzukanso patapita zaka. Koma pa zonsezo, iye ankati, chinthu chimodzi sichinasinthe. Pambali pa bwalo pali benchi ya oyambitsa. Amene ananyamula nawo matumba aja amalowa ulere moyo wake wonse n'kukhala pamenepo, ndipo ngakhale meya akabwera amakakhala kwina.

Wometa uja anafunsa kuti nanga ife tikadzakalamba tidzakhala pati, poti chulu tinagumula. Onse anaseka, koma ine nkhaniyo inandilowa. M'mawa mwake ndinawotcherera miyendo yachitsulo, kumangirirapo thabwa la paini, n'kusenza benchiyo mpaka kubwalo. Mzunguyo atabwera tinamulozera kuti akhalepo. Anakana, n'kukhala pafumbi monga mwa masiku onse.

"Ine ayi," anatero. "Ine mlendo. Oyambitsa ndi inu."

Chisiyireni sukulu, munthu anali asanandiuzepo kuti ndine chinachake.

Ntchito yake ya khofi itatha anabwerera kwawo. Anatilonjeza kuti timu yawo ikadzasinthanso dzina, majezi akale sadzawataya, adzatitumizira. Tinapitiriza tokha, mpira n'kusalala, ife n'kumaumata. Mdala wa ku Nthalire uja anapuma ntchito. M'malo mwake munabwera aphunzitsi aakulu ochokera kumwera, ndipo pambuyo pake panafika mphunzitsi wamasewera wa Chichewa chosalala, wokonda kuvala wezulo m'khosi ngakhale popita kumsika.

Tsiku lina foni yanga inalira ndili pakati pogaya chitsulo. Unali uthenga wa mzungu uja. Anati bokosi lafika, muli majezi, mipira ndi mikombero iwiri yeniyeni ya maneti, ndipo walitumiza kudzera kwa aphunzitsi aakulu, poti iwo ndiwo mwini khomo pamene pali bwalo lathu, monga ndinamuphunzitsira.

Ndinathamanga osasamba n'komwe. Mu ofesi ndinapeza bokosilo litatsegulidwa kale, mphunzitsi wa wezulo uja akuyesa jezi pachifuwa. Ndinapereka moni mwaulemu, n'kufotokoza kuti katunduyo ndi wa timu yathu. Mphunzitsiyo anandiyang'ana kuyambira ku masilipasi mpaka kumutu.

"Achimwene, katunduyu wabwera kusukulu," anatero. "Inuyo muli Fomu chani?"

Ankadziwa yankho lake. Ndinaonetsa aphunzitsi aakulu uthenga wa pafoni, iwo n'kuuwerenga mofatsa, kenako anati zikomo, uthengawo ukutsimikiza kuti mwini khomo ndi iwo. Anati sakutithamangitsa. Anthu akunja tizisewera Lamulungu masana, koma majezi ndi a ana asukulu, chifukwa akapita kumpikisano ku Karonga amafunsidwa kuti ali kalasi yanji. Zimene ndinayankha sindizilemba pano. Alonda ananditulutsa atandigwira kolala.

Asibweni anandiuza kuti ndiugwire mtima, aphunzitsi amasamutsidwa koma ife tidzakhalapobe. Ankanena choncho ali ndi chifukwa chawo. Komiti ya sukulu inali itagwirizana zothira simenti pabwalopo, ndipo ntchito yopanga mizati yachitsulo inapatsidwa kwa iwo. Ndiye mizati imene ili pabwalo lija lero ndinaiwotcherera ndine. Ndinakaidzala ndekha, nditazula kaye bulugamu wanga uja. Mkombero wanga ndinaupeza utatayidwa m'dzenje la zinyalala.

Tsiku lotsegulira bwalo kunabwera akuluakulu a paboma, kwaya, ndi ana asukulu atavala majezi aja, owala ngati malalanje. Ife oyambitsa tinaima kumbuyo, pafupi ndi zimbudzi. Benchi yanga inali itayalidwa nsalu yoyera n'kuikidwa kutsogolo, ndipo panakhala amayi ena a kuchipatala ndi abambo awiri a masuti. Mphunzitsi wa wezulo anatenga chimkuzamawu n'kuyamba kufotokoza mbiri. Anati masewerawa anafika muno chifukwa cha masomphenya a sukulu ndi ubale wake ndi abwenzi a ku Holande. Anasimbanso za timu ya kumeneko, za chikho chija ndi za holo yawo yatsopano. Za anyamata onyamula matumba sanatchule, za benchi sanatchule, za chulu ndi chipika n'zosanena n'komwe.

Wometa uja anandigwira malaya, koma ndinali nditanyamuka kale. Ndinadutsa pakati pa bwalo, simenti yatsopano ikulira ndi masilipasi anga, n'kukakhala kumapeto kwa benchiyo, pambali pa amayi a kuchipatala aja. Iwo anasendera pang'ono, mwina poganiza kuti ndine wa komiti. Mphunzitsiyo anasiya kuwerenga.

"Achimwene, pamenepo ndi pa alendo olemekezeka," anatero, pa chimkuzamawu pomwepo.

"Pano ndi pa oyambitsa," ndinayankha.

Ana asukulu anafa nalo phwete. Wina anakuwa kuti fundi wowotcherera zitsulo waledzera, ndipo chiseko chinakula mpaka kwaya yomwe. Ndinatembenuka kuyang'ana anzanga kuti mwina abwera adzakhale nane. Kondakitala ankayang'ana foni yake. Wometa ankayang'ana pansi.

Sindinamenye munthu tsiku limenelo, ngakhale pamsika amanena kuti ndinamenya. Ndinaimirira, n'kupempha alendo aja kuti andikhululukire, aimirire kaye. Anaimirira modabwa. Ndinachotsa nsalu ija, kuipinda, kuipereka kwa amayi a kuchipatala ndi manja awiri, n'kusenza benchi yanga pamutu. Ndinadutsa nayo pakati pa anthu onsewo, palibe anandiletsa. Ndili pageti ndinamva akuitana ana kuti akatenge mipando ku ofesi, kenako wezulo inalira, masewera n'kuyamba.

Zotsatira zake sizinachedwe. Komiti inalamula kuti ndisadzapondenso pasukulupo, ngakhale Lamulungu. Ntchito ya mawindo a makalasi atsopano imene asibweni ankayembekezera inapita kwa fundi wina, ndipo iwo anakhala nthawi yaitali akundiyankhula ndi manja okha, kulozera chitsulo, kulozera nyundo. Anzanga aja Lamulungu lotsatira anapita kukasewera ngati palibe chachitika. Wometa anabwera kudzandiuza kuti ndisawaone ngati oipa, simenti ndi simenti, mpira umanjanja bwino kuposa padothi. Pano iyeyo ndi amene amathandiza mphunzitsi uja kuphunzitsa ana a Fomu 1, ndipo anamupatsa jezi imodzi. Amavala pometa anthu. Ine tsitsi ndimametetsa kwina.

Mzungu uja ndinamulembera zonse. Anayankha patapita masiku. Anati pepani kwambiri, zamumvetsa chisoni, koma iye ali kutali ndipo safuna kulowerera mwambo wa eni ake. Anati bwanji ndipemphe asibweni akakambirane ndi mwini khomo. Pansi pake anaikapo chithunzi chimene asukulu anamutumizira, ana atandandalika m'majezi aja, n'kunena kuti akuluakulu a timu ya kwawo achipachika m'holo mwawo, moyang'anizana ndi benchi ya oyambitsa. Sindinamuyankhe.

Ndamva kuti ana aja anapambana ku Karonga, ndipo akapita ku Mzuzu. Ena mwa iwo amasewera bwino, sindinganame. Pali mmodzi wamanzere amene amaponya ngati mmene ndinkaponyera ine, ndipo n'kutheka kuti anaonera kwa ine masiku amene ankaima chapatali ndi makope aja. Akandipeza pamsika amanditcha fundi n'kufunsa mtengo wowotcherera njinga.

Benchi ija ili kushedi kwa asibweni. Pamakhala anthu odikira zitseko zawo ndi mbaula, amayi ogulitsa nthochi amapumirapo, tsiku lina panagona woledzera. Ine sindikhalapo, ndimadyera chiimire. Kuchokera kushedi kukafika kusukulu si patali, ndiye ana akaweruka phokoso la mpira pasimenti limamveka bwinobwino. Likangoyamba ndimayatsa makina ogayira zitsulo, ngakhale palibe chogaya, mpaka asibweni andikalipire kuti ndikutha mayunitsi. Koma kuno magetsi sachedwa kuzima. Akazima ndimangoima ndi chitsulo m'manja n'kumamvera, ndipo ndimadziwa ndi khutu lokha ngati mpira walowa kapena wagunda mzati.