Mtedza wanga wabwezera malume mtanda

Lamulungu lapitali malume anga ananyamula mtanda patsogolo pa ansembe, kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kuguwa, osagwedezeka. Ine kumbuyo mtima uli myaa!

Miyezi iwiri yapitayo zinali zina. Malume ndi munthu wathupi, ndipo dokotala ku Mzuzu anawalembera jakisoni wochepetsa kunenepa chifukwa cha shuga. Mankhwalawo anapha njala. Kondowole ankangotsina kawiri, basi. Mimba inaphwa, koma mikono nayo inatha mphamvu. Tsiku lina mtanda unawapendekera anthu akuona, akulu ampingo n'kuyamba kunong'onezana zoupereka kwa wina. Ntchito imene malume aigwira chiyambire unyamata wawo!

Ine ndimakazinga mtedza wogulitsa pa Chipyela. Ndinawatengera malume kambale kamodzi. Akazi awo anandibweza pakhomo.

"Iwe, ufuna uwononge mankhwala? Mtedza ndi mafuta okhaokha!"

"Ndiye adye chiyani, anti? Mphepo ya mwera?"

"Sukulu unathawa, lero wasanduka dokotala?"

Kambale kaja ndinakaponya pansi, nkhuku zinachita phwando. Koma kufunsa n'kudziwa njira. Ndinalunjika kuchipatala, n'kudikira pamzere ngati wodwala mpaka namwino anandimvera.

Anati munthu akamamwa kapena kubaya mankhwala otere amadya pang'ono, choncho pang'onopo pazikhala zomanga thupi, apo ayi minofu imapita limodzi ndi mafuta. Mtedza wodzaza dzanja limodzi patsiku ndi wabwino: wopanda mchere, wosavunda, osati mbale yonse. Pambali pake usipa, nyemba, chigwada chotendera. Mankhwala malume asasiye, ndipo akauze dokotala wawo za kufookako.

Ndinamupempha alembe papepala, poti anti amakhulupirira cholembera kuposa pakamwa panga. Nditawapatsa, anti anawerenga kawiri, n'kuti, "Nanga waimiranji? Kakazinge."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndimasankha mtedza umodziumodzi, wachuku kutaya, dzanja limodzi la malume pambali ndisanathire mchere wa makasitomala.

Tsono ndikufunseni anzanga. Wachibale akayamba kuchepa thupi timamuombera m'manja, kapena kumujeda kuti wadwala. Ndani amayang'ana m'mbale mwake? Timapima chiuno, osafunsa ngati angathebe kukweza ndowa kuchokera kunyanja.

Wanuyo amene akuwondayo, munamufunsa kuti lero wadya chiyani?